Zopereka za Ophunzira ku Wodi ya Ana Zisakhale za Tsiku Limodzi

Aphunzitsi akulu a sukulu za mumzinda wa Lilongwe amalandira kawirikawiri pempho la mtundu umodzi kuchokera kwa ophunzira awo. Kagulu ka ana a Fomu 3, kapena bungwe la ophunzira opembedza, kapenanso atsogoleri a ophunzira a pa koleji, amafika ku ofesi ndi kalata yopempha chilolezo choti asonkhetse ndalama zokathandizira ana amene agonekedwa m'chipatala. Ena amafuna kuyenda ulendo wa ndawala, ena kutsuka magalimoto, ena kuonetsa zisudzo ndi magule polipiritsa pakhomo. Anthu okhala ku Area 47 akuwadziwa bwino ana oterewa, pakuti dera limeneli lili ndi nyumba za anthu opata, masitolo a pa Gateway Mall, msika wa Bwandilo ndiponso sukulu zingapo, kuphatikizapo koleji ya African Bible College. Aliyense wofuna kusonkhetsa ndalama mumzinda muno amayamba waganiza za kumeneko.

Zimene aphunzitsi akulu ambiri amachita nkusaina kalatayo, kudindapo chidindo cha sukulu, kenaka nkuiwala. Ana amatuluka Loweruka m'mawa ndi mapepala ndi zitini, amabwerako dzuwa litapendeka, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amakwera minibasi kupita kuchipatala atanyamula sopo, shuga ndi mabisiketi. Amaimba nyimbo, amajambulitsa, nabwerera kwawo. Chaka chotsatira amene anatsogolera ntchitoyo amakhala atalemba mayeso nkuchoka, ndipo obwera m'mbuyo mwawo amayambanso poyambirira, ngati kuti palibe chimene chinachitikapo. Ife a nyuzipepala ino sitikunyoza mtima wa ana amenewa. Mtima wawo ngwabwino ndipo uyenera kuyamikiridwa. Chimene tikudandaula nacho nchakuti akuluakulu amene anayenera kuwaongolera amangoonerera. Maganizo athu ngakuti sukulu iliyonse imene yalola ophunzira ake kusonkhetsa ndalama isankhe wodi imodzi, ifunse a chipatala chimene chikusowa, ilembe tambala iliyonse, ndipo izibwerera ku wodi yomweyo chaka ndi chaka.

Tiyambe taona kumene thandizoli limapita. Mwana wa mu Lilongwe akadwala kwambiri, kaya ngwa ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena kwa Mgona, mapeto ake amakafika ku mawodi a ana a chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1977. Chipatala chomwecho ndicho chimalandiranso ana otumizidwa kuchokera ku zipatala za maboma a m'Chigawo cha Pakati. M'miyezi ya dzinja, pamene malungo ndi matenda otsegula m'mimba amachuluka, mawodiwa amadzaza kufikira ana awiri kapena atatu kugona pa bedi limodzi, amayi awo atakhala pansi m'mbali mwa mabedi. Kuchokera ku Area 47 kukafika kumeneko ndi makilomita owerengeka chabe. Ndipo ophunzira a ku Area 47 safunika kupita kutali kuti aone mabanja amene ana awo amadzaza mawodiwo, pakuti kwa Mtandire nkuseri kwa mipanda yawo. Mtsinje wa Lingadzi utasefukira mu 2017, madzi analowa m'nyumba za madera onse awiriwa osasankha.

Tisaiwale kuti dziko lino lapita patsogolo pa nkhani yopulumutsa ana. Kalembera wa zaumoyo wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti ana 234 mwa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika kalembera wa 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Zimenezi zinatheka chifukwa cha katemera, masikito, alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndi mankhwala oteteza mwana ku kachilombo ka HIV kochokera kwa mayi. Mu Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala zake. Palibe chimodzi mwa zinthu zimenezi chimene chinagulidwa ndi ndalama za m'chitini. Ophunzira ayenera kuuzidwa choona chimenechi, osati powafooketsa, koma kuti adziwe pamene dzanja lawo lingafike ndi pamene silingafike.

Pali mphatso imodzi imene ophunzira a dziko lino akhala akupereka ku mawodi a ana kwa zaka zambiri popanda kujambulitsa, ndiyo magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limapeza gawo lalikulu la magazi ake kuchokera kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, pakuti munthu amaloledwa kupereka magazi kuyambira zaka 16. Ambiri mwa olandira magaziwo ndi ana aang'ono amene malungo awathera magazi m'thupi, ndiponso amayi otaya magazi pobereka. Nchifukwa chake sukulu zikatsekera, bungweli limadandaula kuti nkhokwe zake zatsika, ndipo tchuthi cha mu Disembala chimakumana ndi nthawi imene malungo amayamba kukula. Chimene chimachititsa kuti mphatso imeneyi ikhale yodalirika nchakuti ili ndi dongosolo. Galimoto la bungwelo limabwera pa sukulu nthawi ndi nthawi, opereka amalembedwa, magazi amayezedwa, ndipo chipatala chimadziwa kumene chikawapeze. Zopereka za ndalama zikusowa dongosolo longa limeneli.

Chitsanzo chachikulu cha zimene ophunzira angachite akapirira chili ku America. M'chaka cha 1973 ophunzira a pa yunivesite ya Penn State anakonza mpikisano wovina kwa maola 30, ndipo anapeza ndalama zongopitirira pang'ono madola 2,000. Kuyambira mu 1977 anamangirira ntchito yawo ku thumba la Four Diamonds, lothandiza ana odwala khansa pa chipatala cha ana cha mumzinda wa Hershey. Thumbali analiyambitsa ndi Charles ndi Irma Millard mu 1972, mwana wawo atamwalira ndi khansa. Mwambowo, umene umatchedwa THON, tsopano umatenga maola 46 ophunzira osakhala pansi ndiponso osagona, ndipo mu 2025 unapeza madola oposa 17 miliyoni. Thumbalo limalipirira mabanja ndalama za chipatala zimene inshuwalansi sinalipire, komanso limathandiza kafukufuku wa matendawa.

Wina adzati ku America nkolemera, ndipo nzoona. Sitikuyembekezera kuti ana a ku Area 47 apeze ngakhale kachigawo ka ndalama zimenezo. Koma taonani chimene chinakweza madola 2,000 aja. Sikuvinako, pakuti kuvina aliyense amavina. Ophunzira aja anasankha chipatala chimodzi ndipo sanachisiye kwa zaka zoposa 45. Komiti yotuluka imasiyira komiti yolowa mabuku, maina a opereka ndi maphunziro a zolakwa zake. Amene anamaliza maphunziro kalekale amapitiriza kupereka chifukwa amadziwa kuti ntchito imene anaisiya idakalipo. Mabanja a ana odwala amadziwana ndi ophunzirawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo umakula pokhapokha nkhuni zikamaikidwa pamalo amodzi. Kwathu kuno chaka chino sukulu ipita kwa ana amasiye, chaka chamawa kundende, chaka chinacho kuchipatala, malinga ndi mphunzitsi amene wagwira ntchitoyo, ndipo palibe malo amene angakonze mapulani awo modalira sukulu imeneyo.

Funso lotsatira nlakuti ndalama zochepa za ophunzira zigule chiyani. Sopo ndi shuga nzofunika, ndipo mayi amene wakhala milungu itatu pa wodi amazilandira ndi manja awiri. Koma pali zinthu zina zotsika mtengo zimene zimasiyanitsa moyo ndi imfa. Titenge nkhani ya khansa ya ana. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Khansa ina yofala pakati pa ana a kuno, yotchedwa Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba, imamva mankhwala msanga mwana akafika nthawi yabwino nkumaliza mankhwala onse. Vuto nlakuti mankhwalawo amafuna maulendo angapo a kuchipatala, ndipo banja la ku Mchinji kapena ku Kasungu likagulitsa mbuzi yomaliza kuti lilipire ulendo wachiwiri, wachitatu umalephereka. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atayesa kulipirira mabanja ndalama zonse zoyendera, ana osiyira mankhwala panjira anatsika kuchoka pa 19 kufika pa 7 mwa 100 aliwonse. Ndalama ya basi ndi ndalama imene ana a sukulu angathe kuipeza.

Tsono amene akudziwa zosowa zotere ndi namwino wamkulu wa pa wodi ndi madokotala ake, osati mphunzitsi kapena wapampando wa ophunzira. Mwina chosowa ndi timakina toyezera mpweya m'magazi a mwana, mwina masikelo, mwina matiresi okutidwa ndi pulasitiki, mwina mapoto a m'khitchini ya odikirira odwala. Chipatala chikafunsidwa chisanapatsidwe, sichidzalandiranso makina amene alibe zipangizo zosinthira, omwe amagwira ntchito miyezi iwiri nkukaunjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu wakufa. Tikupempha akuluakulu a chipatala nawonso kuti asamavute kuwapeza. Pakhale munthu mmodzi wodziwika wolandira makalata a sukulu, wokhala ndi mndandanda wa zosowa, amene adzalemba mphatso iliyonse m'kaundula wa katundu wa chipatala ophunzira akuona, nkuwapatsa chikalata chosonyeza kuti alandira. Ndipo tinene pano mwachidule za zithunzi. Mwana wodwala sanagonekedwe kuti akongoletse lipoti la sukulu. Mayi ake asanavomere, kamera ikhale m'thumba.

Nkhani ya kaundula wa ndalama ndiyo imene tikufuna aphunzitsi aigwire ndi manja awiri. Anthu a mumzinda muno anatopa ndi mapepala opemphera thandizo amene sadziwika kumene anachokera, ndipo ambiri akaona mwana wanyamula pepala pa geti amangomubweza. Sitingawadzudzule. Njira yobwezera chikhulupiriro ndi imodzi yokha: mapepala onse akhale ndi manambala ndi chidindo, ndalama ziwerengedwe tsiku lomwelo pamaso pa msungichuma wa ophunzira, mphunzitsi ndi kholo limodzi la m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo zisungidwe ku banki, osati m'dilowa ya mphunzitsi. Zotsatira zake zikhomedwe pa bolodi la zidziwitso pamodzi ndi malisiti, ndipo opereka ndalama zambiri alandire kalata yowauza chimene chagulidwa. Zowonongedwa pokonza mwambo zilembedwenso poyera. Mwambo umene wapeza ndalama zambiri koma theka lake lathera pa zimkuzamawu, matisheti ndi zakumwa za alendo olemekezeka sunathandize ana odwala, wathandiza eni zimkuzamawu. Komanso ndalama zisagone nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali kusunga ndalama podikira mwambo wopereka anadzuka zitafota m'manja.

Ena angaone ngati tikulemetsa ana ndi ntchito za akalaliki a m'maofesi. Ife tikuona mosiyana. Mwana amene waphunzira ali mu Fomu 2 kuti ndalama ya anthu imalembedwa, imawerengedwa pamaso pa mboni, ndipo mwini wake amauzidwa kumene yapita, ndiye adzakhale msungichuma wa khonsolo kapena mlembi wamkulu wa unduna zaka 20 zikubwerazi. Dziko lino linaona mu 2013 zimene zimachitika ku Capital Hill anthu ogwira ndalama za Boma akapanda kuphunzira phunziro limeneli.

Pali ngozi ziwiri zimene akuluakulu a maphunziro ayenera kuzitchinga. Yoyamba ndiyo kukakamiza. Amene anaphunzira m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi akukumbukira Sabata la Achinyamata, lomwe ambiri ankalitcha Youth Week, pamene ana a sukulu pamodzi ndi makolo awo ankalambula misewu, kukonza milatho, kuumba njerwa ndi kusesa m'zipatala. Zambiri zimene zinamangidwa nthawi imeneyo zinathandiza anthu, ndipo pali ena amene amalifuna sabatalo mpaka lero. Koma omwewo akukumbukiranso makadi a chipani ogulitsidwa mokakamiza pakhomo pa msika, ndi zopereka zimene munthu sankatha kuzikana. Mwambo wa sabatalo unazirala boma litasintha mu 1994, ndipo chifukwa chimodzi chinali chakuti anthu anali atausakaniza m'maganizo mwawo ndi thangata. Tisabwezeretse zimenezo m'kalasi. Sukulu za Boma za cha ku Area 47 zimaphunzitsa mwana wa mkulu wa kampani pamodzi ndi mwana wa mlonda wochokera kwa Mtandire. Mphunzitsi akalengeza kuti aliyense abweretse ndalama zakuti pofika Lachisanu, nawerenga maina a olephera pamaso pa anzawo, wasandutsa chifundo kukhala msonkho, ndipo msonkhowo wagwera banja lomwelo limene mawa lidzakhala pa mzere wa ku wodi ya ana. Wopanda ndalama apereke mphamvu zake potsuka galimoto kapena luso lake pa sewero, ndipo aziwerengedwa mofanana ndi mnzake.

Yachiwiri ndiyo ya pamsewu. Ophunzira a ku Penn State aja anali ndi chizolowezi choyenda maulendo ataliatali kukapempha ndalama ndi zitini m'mphambano za misewu. Ophunzira awiri atamwalira pa ngozi za galimoto pa maulendo oterewa, mmodzi mu 2011 ndipo wina mu 2015, atsogoleri awo anathetsa mchitidwewo, ndipo ngakhale ndalama zinatsika poyamba, pambuyo pake zinakweranso. Msewu wa ku Mchinji umene umadutsa m'mbali mwa Area 47 ngwodzaza ndi malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Mwana asaime pakati pa magalimoto ndi chitini, ndipo ulendo wa ndawala usayambe apolisi a pamsewu asanadziwitsidwe. Atsikana asatumidwe okha kukagogoda pa mageti a anthu osawadziwa, kapena kukapempha kwa anthu amene akumwa mowa pa Bwandilo madzulo. Izi nzodziwikiratu, koma mphunzitsi amene wangosaina kalata nkupita kwawo sangadziwe kumene ana ake afika.

Kwa akuluakulu a Boma tili ndi mawu awa. Mu Epulo 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya ndondomeko ya chuma chawo ku ntchito zaumoyo. Zaka zambiri dziko lino lakhala likulephera kufika pamenepo, ndipo ndalama zoposa theka la zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo zakhala zikuchokera kwa abwenzi a kunja. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo tonse tinaona kuti thandizo la mlendo silipanganika. Ngakhale chipatala cha Mercy James ku Blantyre, chochitira maopaleshoni a ana ndi kusamalira ana odwala mwakayakaya, chimene chinatsegulidwa mu Julaye 2017, chinamangidwa ndi ndalama zimene woimba Madonna anasonkhetsa kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi. Nyumba yotero imafuna mamiliyoni a madola, ndipo anamwino, mankhwala ndi magetsi a mmenemo zimafuna ndalama mwezi uliwonse. Umenewo ndi udindo wa Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mlendo wolemekezeka akaitanidwa kukalandira mabulangete ogulidwa ndi ana a sukulu, ayamike anawo, koma akabwerera ku ofesi yake adzifunse chifukwa chimene wodiyo inalibe mabulangete.

Aphunzitsi a sayansi ali ndi gawo lawolawo pa nkhani imeneyi. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene makanda ambiri amabadwa masiku asanakwane, ndipo lipoti la mu 2012 linaika chiwerengerocho pa makanda 18 mwa 100 aliwonse. Makanda otere amavutika kupuma, ndipo makina owathandiza ankagulidwa madola masauzande angapo. Mu 2010 ophunzira a pa yunivesite ya Rice mumzinda wa Houston anapanga makina otere ngati ntchito ya m'kalasi, pogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'matanki owetera nsomba ndi botolo la madzi. Anawakonza mothandizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth, amene ankawauza chimene chingapirire pa wodi ndi chimene sichingapirire. Atawayesa ku Blantyre, zotsatira zofalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti makanda 71 mwa 100 othandizidwa ndi makinawo anakhala ndi moyo, poyerekeza ndi 44 mwa olandira mpweya wa okosijeni wokha. Makinawo anapatsidwa dzina lakuti Pumani ndipo anafalitsidwa m'zipatala za Boma za m'dziko muno. Mu 2013 aphunzitsi awiri a ophunzirawo, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, atapambana mphotho ya madola 100,000, anaipereka kuti ikulitsire chipinda cha makanda cha pa chipatala chomwecho, ndipo anthu ena anawonjezerapo. Ophunzira aja sanayambe ndi kupempha ndalama. Anayamba ndi kufunsa anamwino chimene chikupha ana, ndipo ndalama zinatsatira pambuyo. Mphunzitsi wa Biology kapena Physics amene angaitane namwino wa ku wodi ya ana kudzalankhula ndi kalasi yake kamodzi pa teremu adzakhala wayamba pamalo oyenera.

Zimene tikupempha sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama za Boma. Akuluakulu a maphunzi­ro a mumzinda wa Lilongwe angathe kuitana aphunzitsi akulu a sukulu za ku Area 47, za Boma ndi zoima pazokha zomwe, pamodzi ndi nthumwi ya chipatala cha Kamuzu Central, nkugawana mawodi kuti sukulu zisanu zisamapite ndi shuga ku wodi imodzi pa Khirisimasi pamene wodi ina yaiwalika chaka chonse. Ana a Fomu 4 asiyidwe akonzekere mayeso, ntchito itsogoleredwe ndi a Fomu 3, ndipo a Fomu 2 akhale m'komiti kuti adzalandire mabuku. Nthawi yabwino yosonkhetsa ndi teremu yoyamba, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuti katundu akafike pa wodi mvula isanakhazikike. Ndipo sabata lomaliza sukulu zisanatsekere mu Disembala, aphunzitsi akulu aitane galimoto lotolera magazi lija, kuti ophunzira amene akwanitsa zaka 16 ndipo akufuna mwa iwo okha apereke asanapite kutchuthi.